Khate la Chinangwa Si Limodzi

Chaka chilichonse chimene mvula yadula msanga, pamabwera ntchito imodzi imene alangizi a zaulimi a m'chigawo chino amaidziwa bwino: kusakasaka mitengo ya chinangwa yoti alimi abzale. Zinatero pambuyo pa chilala cha 1991 ndi 1992, pamene maboma ndi mabungwe othandiza anachulukitsa mbewu ya chinangwa ndi ya mbatata kuti anthu asamadalire chimanga chokha, ndipo zakhala zikubwerezeka kufikira lero. Mitolo imakwezedwa pa lole, pa njinga kapena m'bwato, n'kuyenda mitunda yaitali, nthawi zina kuwoloka malire a mayiko. Wina akafunsa ngati mitengoyo ilibe matenda, yankho limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti khate liliko kale kumene mbewuyo ikupita, tsono palibe choopa. Yankholi limamveka lanzeru, koma ndi lolakwika, ndipo umboni wa kulakwika kwake unapezeka m'chibadwa cha tizirombo toyambitsa khatelo.

Kachirombo ka mtundu wa vayirasi kalibe mimba, kalibe miyendo, ndipo sikangathe kuswana pakokha. Ndi kaulusi ka malangizo kokutidwa m'kachikopa, kamene kakalowa m'chomera kamalamula chomeracho kuti chizipanga tizirombo tina tofanana nako. Malangizowo analembedwa ndi zilembo zinayi zokha, zobwerezedwa mosinthanasinthana, ndipo mndandanda wonse wa zilembozo ndiwo akatswiri amautcha genome. Wa kachirombo ka khate ndi waufupi zedi: timikombero tiwiri ta DNA, kalikonse kokhala ndi zilembo pafupifupi 2,800. Akatswiri awiri a ku John Innes Institute ku England, Stanley ndi Gay, anauwerenga wonse koyamba m'chaka cha 1983.

Pokopera malangizo amenewa pamachitika zolakwika. Chilembo china chimasintha, china chimasowa, ndipo kusinthako kumapitirira kwa ana ndi zidzukulu za kachiromboko. Motero woyerekeza mindandanda ya tizirombo totengedwa ku Nkhata Bay, ku Mansa ndi ku Nampula angathe kuona kuti n'titi tili pachibale chapafupi ndipo n'titi tinasiyana kalekale, monga momwe akuluakulu amalondolera mtundu wa mlendo pomufunsa mfunda wake ndi kumene agogo ake anachokera. Ndiponso popeza kusinthaku kumachitika pa liwiro lotheka kuliyeza, akatswiri amatha kuwerengera chobwerera m'mbuyo n'kunena zaka zimene kholo la tizirombo tonseto linali ndi moyo.

Chinthu choyamba chimene mbiri imeneyi imaphunzitsa n'chodabwitsa kwa ambiri. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma pa nkhani iyi kalumoko kanali ndi eni mudzi. Chinangwa, chimanga ndi mtedza ndi mbewu zachilendo mu Africa. Zonse zinachokera ku America. Apwitikizi anafikitsa chinangwa ku gombe la ku Congo m'zaka za m'ma 1500, ndipo ku gombe la kuvuma chinafika mochedwerapo, m'zaka za m'ma 1700. Komatu ku Brazil, kwawo kwa chinangwa, kulibe khate lofanana ndi la kuno. Ku Mexico kulibe matenda a mizere yoyera ya pa masamba a chimanga. Ku South America, kwawo kwa mtedza, kulibe kadukutu, amene anafotokozedwa koyamba ku Tanganyika mu 1907. Matenda onsewa anabadwira kuno, pamene tizirombo timene tinkakhala m'zomera za m'tchire tinapeza chakudya chatsopano, chochuluka, chobzalidwa m'mizere, chopanda chitetezo chilichonse.

Pa chimanga nkhaniyi inalondoleka bwino kwambiri. Matenda a mizere ya pa masamba anafotokozedwa ndi Fuller ku Natal mu 1901, ndipo m'zaka za m'ma 1920 H. H. Storey anasonyeza kuti amafalitsidwa ndi tizirombo todumphadumpha totchedwa Cicadulina. Atawerenga chibadwa cha tizirombo tambirimbiri totengedwa m'chimanga ndi m'maudzu, akatswiri, makamaka a ku University of Cape Town, anapeza mabanja 11 a kachiromboka, amene anawatcha A mpaka K. Mabanja 10 amakhala m'maudzu osavutitsa mlimi kwenikweni. Limodzi lokha, la A, ndilo limasakaza chimanga, ndipo mndandanda wake ukusonyeza kuti ndi wophatikiza: mbali ina inachokera ku kholo la banja B, mbali ina ku kholo la mabanja G ndi F, tizirombo ta m'maudzu a m'tchire. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2011 anawerengera kuti kholo la banja A linalipo cha pakati pa zaka za m'ma 1800 kummwera kwa Africa, ndipo kuchokera kumeneko linafalikira dera lonse la kummwera kwa chipululu cha Sahara. Chimanga chinali chitalimidwa mu Africa kwa zaka mazana awiri kapena atatu mdani ameneyu asanabadwe.

Pa chinangwa napo zaka zake n'zosatalikirana ndi zimenezi. Khate linalembedwa koyamba ndi Warburg mu 1894 m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mu 2021 akatswiri anafalitsa mndandanda wa kachirombo kamene anakapeza m'tsamba louma la chinangwa, lothyoledwa ku Central African Republic mu 1928 n'kusungidwa pa pepala m'nyumba yosungira zomera, ndipo tsamba lakalelo linawathandiza kuwerengera kuti kholo la tizirombo ta mtundu wa ACMV timene tilipo lero linalipo cha m'ma 1850. Amene anathyola tsambalo sankadziwa n'komwe kuti kuli chinthu chotchedwa DNA. Anangolemba bwino malo ndi chaka, ndipo chifukwa cha ichi ntchito yake inapindula patapita zaka zoposa 90.

Koma mtima wa nkhani uli ku Uganda. Cha mu 1988 alimi a m'boma la Luwero anayamba kuona khate lachilendo. Khate ankalidziwa kale ndipo ankakhala nalo, monga momwe alimi a kondowole a m'mbali mwa nyanja ya Malawi amakhalira nalo, kukolola zochepa koma osasowa. Ili linali lina. Masamba ankafota n'kusanduka tizingwe, mitengo inkapinimbira, pansi osapezeka kanthu. Mtundu wa Ebwanateraka, umene alimi ambiri ankaukonda, unatheratu m'minda. Mliriwo unkasendera kummwera makilomita 20 mpaka 30 pa chaka, pamodzi ndi khamu la ntchentche zoyera, ndipo pachimake pake dzikolo linkataya chinangwa cha ndalama pafupifupi madola 60 miliyoni pa chaka. Unalowa kuzambwe kwa Kenya mu 1995, ku Tanzania mu 1998, kenako ku Rwanda ndi ku Burundi.

Chimene chinachititsa chinadziwika mu 1997, akatswiri a ku Scottish Crop Research Institute ndi anzawo a ku Uganda atawerenga chibadwa cha kachirombo ka m'minda yowonongekayo. Anapeza kuti mkombero wake woyamba unali wa mtundu wa EACMV, wa kuvuma kwa Africa, koma pakati pa malangizo opangira kachikopa panali chigamba cha zilembo mazana angapo chotengedwa ku mtundu wa ACMV. Nsalu inali ya uyu, chigamba cha uyo. Kusokana kotere sikungachitike mumlengalenga kapena m'nthaka. Kumachitika m'chomera chimodzi, pamene tizirombo ta mitundu iwiri takumana m'menemo n'kumakoperedwa nthawi imodzi. Ndiponso kunaoneka kuti chomera chogwidwa ndi kachirombo katsopanoka pamodzi ndi ACMV chimadwala koposa chogwidwa ndi kamodzi kokha, chifukwa tiwirito timalimbikitsana.

Apa ndi pamene yankho lija lakuti khate liliko kale limagwera. Dzina lakuti khate ndi dzina la maonekedwe a tsamba, osati la choyambitsa. Pansi pa dzina limodzilo pali tizirombo tosiyanasiyana: ACMV, EACMV, ndi tina timene tinapatsidwa mayina a malo amene tinapezeka koyamba, monga Cameroon, Zanzibar, Kenya, Madagascar, South Africa, ngakhalenso Malawi, pakuti kachirombo kena kotengedwa m'minda ya m'dzikoli kanadziwika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuti n'kosiyana ndi tinzake. Tambiri mwa timeneti tili ndi zigamba m'chibadwa chake. Mlangizi amene amanyamula mitengo yakhate kuchoka m'dera lina kupita m'dera lina lakhate sakuthira madzi m'nyanja monga amaganizira. Mwina akukumanitsa mabanja awiri amene sanaonanepo, ndipo ntchentche zoyera zidzamaliza ukhoswe wake. Maso ake, ngakhale akhale a zaka makumi atatu pa ntchito, sangasiyanitse tizirombo timeneti, pakuti masamba onse amangooneka opindika ndi a mawanga achikasu.

Uganda anapulumuka ndi mitundu yopirira khate. Mbiri ya mitunduyo nayo ndi ya kuwoloka malire: ntchito yokwatitsa chinangwa ndi mbale wake wa m'tchire, Manihot glaziovii, inayamba ku Amani m'mapiri a Usambara m'zaka za m'ma 1930, mbewu zake zinafika ku Nigeria, ndipo bungwe la IITA linatulutsamo mitundu ngati TMS 30572, umene ku Uganda unatchedwa Migyera. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti mbewu zisamayende. Koma zimene zinatsatira zikuyenera kukumbukiridwa pamodzi ndi chipambanocho.

Storey yemwe uja anafotokoza mu 1936 matenda ena a chinangwa, a mizere yofiirira pa mtengo, amene amawoletsa chinangwa m'kati. Kwa zaka pafupifupi 70 matendawa ankadziwika ngati a kumalo otsika: ku gombe la Kenya, Tanzania ndi Mozambique, ndiponso m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Ambiri ankakhulupirira kuti sakhazikika kumtunda koposa mamita 1,000. Mu 2004 anaoneka m'boma la Mukono ku Uganda, kumtunda, ndipo ina mwa mitundu yogonjetsa khate imene inali itagawidwa kwa alimi, monga TME 204, inapezeka kuti ilibe mphamvu pa matenda achiwiriwa. Kuwerenga chibadwa m'zaka za 2009 ndi 2010 kunasonyeza kuti nawo oyambitsa ake ndi awiri, CBSV ndi UCBSV, tizirombo ta RNA ta zilembo pafupifupi 9,000, topanda chibale chilichonse ndi ta khate. Mu 2017 matendawa anapezeka koyamba m'Zambia, m'maboma a Chienge ndi Kaputa, kumalire ndi Congo, ndipo kachirombo kake kanali UCBSV. Kuipa kwa matenda amenewa n'kwakuti amabisala. Masamba sapindika, pamangokhala chikasu chotsata mitsempha ya masamba a m'munsi, chimene chimatha kusokonezedwa ndi kukalamba kwa tsamba. Munda umaoneka wokongola, mitengo yake n'kugulitsidwa ngati mbewu, ndipo mayi amadzazindikira pa tsiku lokumba, akadula chinangwa n'kupeza m'kati muli zouma zofiirira ngati nkhuni yofumbwa.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zolemera. Amati ntchentche zoyera sizinyamula chiphaso, choncho kuletsa mitolo n'kungodzivutitsa. N'zoona kuti ntchentche zimafalitsa matenda, koma mtunda wake ndi uja unaoneka ku Uganda, makilomita makumi awiri kapena atatu pa chaka. Lole imadutsa mtunda womwewo ola lisanathe. Tizirombo towoletsa chinangwa sitikhalitsa n'komwe m'thupi la ntchentche, motero ulendo wake wautali umakhala wa m'mitengo. Chitsanzo choonekeratu chili ku Asia. Mayiko a Cambodia, Vietnam ndi Thailand analibe khate mpaka mu 2015, pamene linaoneka m'chigawo cha Ratanakiri ku Cambodia. Chibadwa chake chinasonyeza kuti ndi kachirombo ka mtundu wa ku Sri Lanka, ndipo m'zaka zochepa kanali katafika m'mayiko oyandikana nawo motsata malonda a mbewu. Nthochi zikuchitira umboni womwewo: tizirombo ta chisaka ta kummwera kwa Sahara, kuphatikizapo timene tinasakaza minda ya ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Thyolo kuyambira m'zaka za m'ma 1990, tili m'banja limodzi ndi ta ku India ndi ku zilumba za Pacific. Nsabwe za pa nthochi sizikanawoloka nyanja zazikuluzo pazokha.

Amatinso malire a mayiko anadula pakati pa mabanja, ndipo palibe lamulo limene lingaletse munthu wa ku Mchinji kupatsa mlongo wake wa ku Chipata mitengo ingapo, kapena wa ku Mulanje kukatenga mbewu ku Milange. Izi n'zoona, ndipo kuyesa kuletsa n'kungodanitsa alangizi ndi anthu amene akuwatumikira. Kupatsana kwa pachibale kwakhalapo kuyambira kale, ndipo nthawi zambiri kumachitika m'dera limodzi, limene tizirombo take n'timodzimodzi. Choopsa chenicheni ndi mitolo masauzande yogulidwa mofulumira ndi ndalama za chithandizo, kwa wogulitsa wotchipa, kuchokera ku munda umene palibe anauyendera usanadulidwe, n'kugawidwa m'maboma angapo sabata imodzi. Ntchito yotero ili m'manja mwa maofesi, ndipo siginecha ya wa zaulimi imakhalapo. Pamenepo ndiye poyenera kuuma mtima.

Mfundo yolemera koposa ndi ya njala. Mlimi amene alibe chobzala safuna kumva za zilembo za DNA, ndipo mbewu yodwala imaposa kusowa mbewu m'chaka chimenecho. Koma chinangwa si chimanga. Mbewu ya chimanga yoipa imatha ndi nyengo yake. Mtengo wa chinangwa wodwala umabala mitengo ina yodwala, imene idzadulidwa n'kubzalidwanso chaka ndi chaka, n'kupatsidwa kwa anansi. Chithandizo cha nyengo imodzi chingathe kusiya m'mudzi matenda a zaka makumi. Yankho la njala ndi kukhala ndi minda yochulukitsira mbewu yabwino pafupi ndi alimi chilala chisanafike, osati kuthamangira kutali chitafika kale. Njira yoyendetsera mitundu yatsopano pakati pa mayiko ilipo ndipo inayesedwa: pa ntchito yotchedwa 5CP, imene inayamba mu 2012 motsogozedwa ndi IITA, mayiko a Kenya, Malawi, Mozambique, Tanzania ndi Uganda anapereka mitundu isanu dziko lililonse, mitundu 25 yonseyo inachotsedwa tizirombo ku Natural Resources Institute ku Britain ndi ku KEPHIS ku Kenya, inayezedwa, kenako inatumizidwa ku mayiko onse asanu ngati timbewu ta m'mabotolo. Inatenga nthawi ndi ndalama, koma palibe dziko limene linalandira matenda a mnzake.

Pali chopinga china chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndicho manyazi. Kachirombo kakapatsidwa dzina la dziko, anthu amaganiza kuti dzikolo ndilo lolakwa. Kunena zoona, dzinalo limangosonyeza kumene kanapezeka koyamba, ndipo nthawi zambiri kumeneko n'kumene kunali anthu atcheru. UCBSV ali ndi dzina la Uganda, koma akupezekanso m'Malawi, m'Tanzania ndi m'mayiko ena. Anthu a m'chigawo chino akukumbukira bwino za mu November 2021, pamene akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anaulula msanga za mtundu wa Omicron wa kachirombo ka COVID-19, malipiro ake n'kukhala kutsekeredwa maulendo, chiletso chimene chinakhudzanso Zimbabwe, Mozambique, Malawi ndi Zambia. Phunziro loipa limene wina angatengepo ndi lakuti kubisa kumapindulitsa. Pa zomera kubisa kumangopatsa kachirombo nyengo ina yoti kafalikire, ndipo woyamba kuvutika amakhala mlangizi wa kutsidya kwa malire, amene akupitiriza kulimbikitsa mtundu umene wagonja kale makilomita 50 kuchokera pa ofesi yake. Pakati pa alangizi a Chitipa ndi Nakonde, kapena a Mandimba ndi Mangochi, uthenga wa matenda achilendo uyenera kuyenda tsiku lomwelo, pamene makalata a ku malikulu akutsatira pambuyo.

Kuwerenga chibadwa sikulinso ntchito ya ku Ulaya kokha. Mu 2018 akatswiri a ku Tanzania, Uganda ndi Kenya, pamodzi ndi anzawo a ku Australia, ananyamula kamakina kotchedwa MinION, kokwana m'dzanja, n'kukawerengera tizirombo ta chinangwa m'minda ya alimi, zotsatira n'kutuluka tsiku lomwelo. Komabe makina amawerenga chimene apatsidwa. Sadziwa kuti munda wa m'mudzi wakutiwakuti wayamba kuoneka mwachilendo, kapena kuti mtundu umene unkapirira kwa zaka khumi wayamba kupindika masamba. Wodziwa zimenezi ndi mlangizi, ndipo chizindikiro chachiwirichi n'chofunika kuposa zonse, chifukwa chingatanthauze kuti m'deralo mwalowa kachirombo kena. Nawo a kafukufuku ali ndi ngongole yawo. Si chilungamo kuti masamba achoke m'mudzi, dzina la kachirombo lisindikizidwe m'Chingerezi kutsidya kwa nyanja, koma amene anathyola masambawo ndi mwini munda asamve kanthu. Mlangizi amene sanayankhidwe kamodzi sadzatumizanso.

Zofunika kwa wa kumunda n'zochepa ndipo sizilira ndalama zambiri. Munda wotengako mbewu uyenderedwe masamba adakalipo, osati mitengo itadulidwa kale, ndipo zomera zingapo zizulidwe, chinangwa chake chidulidwe pakati kuti chioneke m'kati. Mtolo uliwonse wogawidwa ulembedwe m'kaundula: dzina la mtundu monga alimi amautchulira, mudzi umene wachokera, ndi midzi imene wapita, kuti matenda akabuka pakhale poyambira kulondola. Pa chomera chokayikitsa, a khate athyoledwe masamba a kunsonga, a matenda owoletsa athyoledwe a m'munsi okhala ndi chikasu. Asaikidwe m'jumbo ya pulasitiki, momwe amabvunda tsiku lisanathe. Ayalidwe pakati pa mapepala, apanidwe ndi chinthu cholemera pamthunzi mpaka aume, ndipo pa pepala lililonse palembedwe ndi pensulo tsiku, mudzi, boma, mtundu wa chinangwa, msinkhu wa mundawo ndi kumene mwini wake anatenga mbewu. Akatero apite ku malo ofufuzira zaulimi a dzikolo, monga Chitedze kapena Mount Makulu, osati kuwoloka nawo malire m'thumba, pakuti tsamba lodwala nalo limafuna chilolezo.